Kulemba, kulandira ndi kutumiza cheke osaberedwa: malangizo kwa asungichuma a ku Salima

Ndalama zing'onozing'ono zinasamukira pa foni, pa Airtel Money ndi Mpamba, koma pa malonda akuluakulu cheke chidakatulukabe m'chikwama. Kopaletivi ya mpunga ya ku Lifuwu ikagulitsa matumba kwa wogula wa ku Lilongwe, komiti ya sukulu ikamalipira mmisiri amene wafolera buloko, eni malo ogona alendo ku Senga Bay akalandira bungwe lodzachita msonkhano, nthawi zambiri pamakhala kapepala kameneka. Malangizowa ndalembera inu amene gulu linakusankhani kukhala msungichuma. Mwina simunaphunzirepo za maakaunti, koma ndalama zikasowa chala choyamba chimaloza inu.

Gwirani mfundo iyi musanapitirire. Cheke chili ndi zotetezera zambiri, zina zooneka, zina zobisika, koma zonsezo zimateteza pepala lokha. Makina a ku banki sadziwa ngati mpunga unaperekedwadi, kapena ngati amene anasaina ankadziwa chimene akusainira. Kumbukirani Cashgate ya mu 2013: ambiri mwa macheke amene anakokolola mabiliyoni a makwacha a boma anali enieni, otuluka mu kompyuta ya boma, olembedwa m'maina a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Pepala linali bwinobwino. Choncho mbali yaikulu ya chitetezo ili m'manja mwanu, cheke chisanafike pa kauntala.

Choyamba, lidziweni pepalalo

Tsegulani buku lanu la macheke masana, pa khonde, muyang'ane tsamba limodzi modekha. Pansi penipeni pali mzere wa manambala ooneka achilendo, onenepa mbali ina, opyapyala mbali ina. Mumzeremu muli nambala ya cheke, nambala ya banki ndi nthambi yake, ndiponso nambala ya akaunti. Inki yake ndi yosakaniza ndi fumbi la chitsulo. Makina amayamba aipatsa mphamvu ya maginito, kenaka amaiwerenga monga momwe wailesi ya kaseti inkawerengera tepi. Njira imeneyi dzina lake ndi MICR. Inayambira ku America m'zaka za m'ma 1950, macheke atachuluka moti makalaliki sankathanso kuwasanja pamanja, ndipo mu 1958 bungwe la American Bankers Association linavomereza kalembedwe kotchedwa E-13B, kamene kali ndi manambala khumi ndi zizindikiro zinayi basi. Munthu akapanga fotokope ya cheke, manambalawo amaoneka ndithu, koma inki ya fotokope wamba ilibe mphamvu ija, ndiye makina owerenga ndi maginito amachikana.

Chifukwa cha zimenezi, mzere wapansiwu usakhudzidwe. Musalembepo, musadindepo chidindo cha gulu, musaboolepo ndi sitepula, ndipo mchira wa siginecha yanu usatsikire pamenepo. Musapindenso cheke kanayi n'kuchimanga pa nsonga ya chitenje kapena kuchiika m'thumba la malaya. Kutentha kwa ku Salima kuno mukukudziwa; thukuta limanyowetsa pepala, ndipo cheke chofewa ndi chokwinyika chimavuta kudutsa m'makina. Pezani envelopu yolimba kapena chiikeni pakati pa buku.

Tsopano kwezani tsambalo muliyang'anitse kudzuwa. Macheke ambiri amasindikizidwa pa pepala lokhala ndi chizindikiro cha mkati, chooneka pokhapokha kuwala kukadutsa, ngati chimene chili pa ndalama zapepala. Ena ali ndi timalemba tating'onoting'ono timene maso amationa ngati mzere chabe. Mukayandikitsa kamera ya foni n'kukulitsa, mumapeza kuti ndi mawu obwerezedwabwerezedwa, ndipo pa fotokope timalembati timasanduka madontho osawerengeka. Ena ali ndi timaulusi kapena zithunzi zimene zimawala pansi pa nyale ya UV, ija amayesera ndalama m'masitolo ena. Palinso mapepala amene amathimbirira akangokhudzidwa ndi mankhwala ofufutira inki. Banki iliyonse ili ndi zake, ndiye tsiku lina mukapita ku nthambi yanu pemphani wa pa kauntala akuonetseni zimene zili pa cheke chawo. Mukadziwa bwino cheke chenicheni, chabodza chimakudabwitsani chikangofika m'manja.

Dziwaninso mmene cheke chimayendera masiku ano. Kale pepala lenilenilo linkanyamulidwa kupita ku mzinda kuti mabanki akasinthane. Lero nthambi imene mwasungitsako imachijambula kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chithunzicho pamodzi ndi manambala a mumzere uja n'zimene zimapita ku banki ya mwini cheke, kudzera m'dongosolo la Reserve Bank of Malawi. Izi zinafulumizitsa zinthu, koma taganizirani: amene akuvomereza kulipira akuona chithunzi pa kompyuta. Sangapapase pepala kuti amve pamene pakandidwa ndi lezala. Amene angapapase ndi inu ndi wa pa kauntala basi.

Chachiwiri, polemba cheke

Gulani cholembera chakuda cha mtundu wa gel, chikhale cha macheke okha. Inki ya bolopeni wamba imakhala pamwamba pa pepala, ndipo akuba amatha kuisungunula ndi mankhwala n'kusiya siginecha yokha, kenaka n'kulemba dzina lina ndi ndalama zina. Inki ya gel imalowerera m'timaulusi ta pepala, ndiye siichoka msanga, komanso imaoneka bwino pa chithunzi chija. Pensulo, inki yofiira ndi zolembera zofufutika, ayi.

Yambani ndi kachidutswa kamene kamatsalira m'buku: tsiku, wolandira, ndalama, ndi chifukwa cholipirira. Mukayamba ndi cheke, wolandirayo ali chiimire pakhomo, kachidutswako mudzati mulemba mawa, ndipo pa msonkhano wa pachaka mudzasowa poyambira.

Dzina la wolandira lilembeni lonse, kuyambira kumayambiriro kwenikweni kwa mzere, ndipo malo otsala muwatseke ndi mzere wowongoka. Pewani zidule. Mukalemba zilembo zitatu zokha, MRA, potanthauza Malawi Revenue Authority, munthu wa maganizo oipa akhoza kuwonjezera zilembo kumapeto kwake, n'kukhala ngati cheke chalembedwera "Mr A...", bambo wina wa dzina loyamba ndi A. Pa ndalama za m'mawu chimodzimodzi. Mukasiya mpata musanalembe "Two hundred thousand", wina akhoza kulowetsapo "One million", ndipo m'bokosi la manambala n'kuika 1 patsogolo: K200,000 yasanduka K1,200,000. Mawu ngati "six", "seven" ndi "nine" amangofuna zilembo ziwiri kuti achulukitsidwe kakhumi, "eight" amafuna chimodzi. Lembani mothinana, malizani ndi "only", tsekani ndi mzere, ndipo m'bokosimo nambala yoyamba igundane ndi K. Mawu ndi manambala zikasiyana, banki imabweza cheke.

Kenaka jambulani mizere iwiri yoyandikana yodutsa pa cheke, pakati pake mulembe "Account Payee Only", ngati banki sinasindikiziretu. Mawu amenewa akutanthauza kuti ndalama zilowe mu akaunti ya amene watchulidwayo, osati kuperekedwa pamanja. Ngati pali mawu oti "or bearer", akhwatcheni. Cheke cholembedwa "Cash" ndi ndalama kale, aliyense wochitola akhoza kuyesa kukatapa, ndiye chilembeni pokhapokha muli m'banki momwemo.

Mukalakwitsa, musafufute kapena kupaka zoyera zija. Lembani "Cancelled" mokulitsa, muchisiye m'buku momwemo, mutenge tsamba lina.

Apa ndiye pamene magulu ambiri amagwera, ndipo ndikupemphani muumepo mtima. Akaunti ya gulu imakhala ndi osaina awiri kapena atatu kuti wina aziona zimene mnzake akuchita. Koma wapampando akamapita ku maliro ku Khombedza, kapena kukadwazika matenda ku Lilongwe, mumamva akuti, "Bweretsani ndisainiretu atatu, ntchito isaime." Amanena ndi mtima wabwino, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano kwa munthu wamkulu. Komabe cheke chosainidwa chopanda dzina ndi ndalama ndiye kuti osaina atsala mmodzi, ndipo chikabedwa palibe chotetezera chilichonse cha pa pepala chimene chingathandize, chifukwa siginecha ndi yeniyeni. Ayankheni mwaulemu: "Bambo, tidikira mubwere, kapena tikutsatirani komweko ndi mapepala ake." Njira yabwino ndi kulembetsa ku banki anthu atatu, kuti awiri aliwonse azitha kusaina. Ndipo aliyense asanasaine aone invoisi ndi maminitsi a komiti ovomereza malipirowo.

Onetsetsani kuti nambala za foni zimene banki ili nazo ndi zimene mukugwiritsa ntchito panopa. Mabanki amakonda kuimbira mwini akaunti kuti atsimikize cheke cha ndalama zambiri. Akakuimbirani, tsegulani buku muyerekeze nambala ya cheke, dzina ndi ndalama musanavomere. Wa ku banki weniweni sakufunsani PIN.

Chachitatu, polandira cheke

Nyengo yokolola mpunga, kuyambira mu Meyi mpaka mu Julaye, ndi imene pamabwera ogula osadziwika, ndi lole yolembedwa ganyu. Ambiri ndi anthu achilungamo. Koma wakuba amadziwa kusankha nthawi: amafika Lachisanu masana, kapena tsiku loti mawa lake ndi holide ngati 14 Meyi kapena 6 Julaye, chifukwa akudziwa kuti padutsa masiku banki isananene kuti chekecho n'chopanda kanthu. Amakhala wachangu, amavomera mtengo osanenerera, dalaivala amakhala akuliza hutala.

Landirani chekecho ndi manja awiri monga mwa ulemu, koma muchione. Tsiku likhale la lero kapena la posachedwa. Cheke chimene chadutsa miyezi isanu ndi umodzi banki siilandira, ndipo cha tsiku la m'tsogolo sichilipidwa tsikulo lisanafike. Dzina la gulu lanu likhale monga lilili ku banki. Yendetsani chala pamene palembedwa dzina ndi ndalama; pakakhala pokhakhala, potuwa, kapena pamene timizere ta mtundu ta pansi pa malemba tazimiririka, pachitika kanthu. Onani ngati inki ndi kalembedwe n'zofanana paliponse. Cheke chothothoka m'buku chimakhala ndi mbali imodzi ya timano. Chosalala mbali zonse zinayi chifunseni bwino, ngakhale kuti makampani ena amasindikiza macheke awo pa kompyuta. Pemphani chiphaso cha unzika cha amene wabweretsa, mulembe dzina ndi nambala yake m'kaundula wanu pamodzi ndi nambala ya galimoto. Ngati dzina la mwini akaunti losindikizidwa pa cheke likusiyana ndi la wogula kapena kampani yake, afotokoze chifukwa.

Zonsezi zikhoza kukhala bwino, cheke n'kukhala chenicheni, koma mu akaunti mulibe ndalama, kapena buku lonselo linabedwa kwa mwini wake. N'chifukwa chake lamulo lalikulu ndi ili: katundu asakwere lole mpaka banki yanu itanena kuti ndalama zapsa, mukhoza kutapa. Mukasungitsa cheke, uthenga wa pa foni ukhoza kubwera wonena kuti mu akaunti mwalowa ndalama, ndipo sitetimenti ikhoza kuonetsa chiwerengero chokwera. Izi sizitanthauza kuti ndalamazo ndi zanu. Pa sitetimenti pamakhala ziwerengero ziwiri, china cha zonse zimene zalembedwa, china cha zimene mungatape, chimene amachilemba kuti "available balance". Chachiwirichi ndiye choyang'ana. Funsani wa pa kauntala kuti, "Cheke ichi chipsa liti?" ndipo tsikulo mufunsenso musanatsegule nyumba yosungira katundu. Chikabwezedwa ndi mawu oti "Refer to Drawer", ndiye kuti banki yakana kulipira, mukaonane ndi mwini cheke, amene pofika nthawiyo mwina foni yake siikupezekanso.

Chenjerani ndi machenjera awiri ofanana. Ena samakupatsani cheke pamanja, amakachisungitsa okha mu akaunti yanu ku nthambi ya ku Lilongwe, n'kukuimbirani kuti, "Ndaika ndalama, onani uthenga, anyamata anga ali panjira." Uthengawo ukhoza kukhala wochokeradi ku banki, koma zimene zalowa ndi cheke chosapsa. Ena amalemba ndalama zopitirira mtengo, n'kupepesa kuti akauntanti walakwitsa, muwabwezere zapamwambazo pa foni. Mukatumiza, mwapereka ndalama zenizeni posinthana ndi pepala. Musabweze kanthu cheke chisanapse.

Wogula woona sakhumudwa mukamuuza kuti adikire, kapena kuti atumize ndalama kuchoka ku akaunti yake kupita ku yanu. Akabwera ndi cheke cholembedwa ndi banki yeniyeniyo, chimene anthu amachikhulupirira kwambiri, pitani nacho ku nthambi ya banki imeneyo akachitsimikize, chifukwa nachonso anthu amapanga chabodza. Musaimbe nambala imene wogulayo wakupatsani kuti ndi ya manijala wa banki.

Chachinayi, potumiza

Tonse timadziwa chizolowezi chopatsira kondakitala wa minibasi envelopu pa depoti, n'kuimbira wolandira kuti akadikire ku Lilongwe. Pa thumba la usipa palibe vuto. Pa cheke, satifiketi ya sukulu, mapepala a malo kapena a penshoni, musatero, chifukwa zikasowa mulibe pepala lililonse losonyeza kuti munapereka. Pitani ku positi ofesi mukatumize pa rejisitala kapena pa EMS (njira ya positi yotumizira mwachangu), kapena mugwiritse ntchito kampani yonyamula makalata imene ili ndi chiphaso cha MACRA, bungwe limene limayang'anira ntchito za Malawi Posts Corporation ndi makampani oterewa.

Musanatseke envelopu, jambulani zonse zimene mukutumiza. Cheke chikulungeni m'pepala lina kuti chisaonekere munthu akakweza envelopu kudzuwa. Nthawi ya dzinja guluu wa maenvelopu amafooka ndi chinyezi cha kunyanja kuno, choncho matani ndi guluu wina, sainani modutsa pamene mwamatapo, theka la siginecha pa chivindikiro theka pa envelopu, kenaka mumate selotepu pamwamba pake. Wotsegula sangabwezeretse siginechayo bwinobwino. Lembani dzina lonse la wolandira, P.O. Box kapena Private Bag yake, nambala ya foni, ndipo kumbuyo mulembe keyala yanu. Ndalama zapepala musaike m'kalata.

Pa kauntala adzakupatsani lisiti lokhala ndi nambala. Pa makalata ndi katundu wolondolozeka wopita kunja, nambalayi imatsata dongosolo la Universal Postal Union, bungwe la mapositi a dziko lonse limene linakhazikitsidwa mu 1874 ku Bern: zilembo ziwiri, manambala asanu ndi anayi, ndi zilembo ziwiri za dziko, zimene kwa ife ndi MW. Yoyamba ndi R ndi ya rejisitala, yoyamba ndi E ndi ya EMS, yoyamba ndi C ndi ya phukusi. Nambala yomaliza mwa isanu ndi inayi ija imawerengedwa kuchokera ku zinzake, kotero mukaphonya imodzi polemba, kompyuta imatha kuzindikira. Lijambuleni lisitilo nthawi yomweyo, popeza malisiti a pepala lonyezimira aja amafufutika okha akakhala potentha. Nambalayo itumizeni kwa wolandira, mumuuzenso nambala ya cheke ndi ndalama zake kuti akayerekeze.

Masitampa gulani pa kauntala, ndipo muone kuti adinda chidindo cha tsiku chooneka bwino. Chidindocho chimapha sitampa kuti isagwirenso ntchito, komanso ndi umboni wa tsiku ndi malo amene kalata inaponyedwa, zimene zimathandiza pa kalata yofunsira ntchito kapena ya tenda.  Ngati ofesi yanu ili ndi makina odindira mtengo wa positi pa envelopu, akhale ndi munthu mmodzi wowayang'anira, ndipo chiwerengero cha pa mita yake chizilembedwa m'buku madzulo aliwonse.

Polandira kalata ya rejisitala tengani chiphaso chanu, ndipo musasaine musanaitembenuze. Ikaoneka kuti inatsegulidwa n'kumatidwanso, nenani pomwepo, itseguleni pamaso pa wa positi, ndipo alembe zimene mwapeza. Envelopuyo musataye. Kiyi wa bokosi la gulu ku positi asamayende m'manja mwa aliyense wopita ku boma. Akasowa, kapena amene ankamusunga akachoka pa udindo, pemphani asinthe loko. Mukalandira uthenga pa foni woti phukusi lanu lagwidwa, mutumize ndalama ku nambala yakutiyakuti kuti alimasule, musatumize. Pitani nokha ku positi ofesi ndi nambala ya phukusilo, ndipo chilichonse chimene mungalipire chikhale ndi lisiti.

Chachisanu, zikasowa

Cheke chikasowa, kaya m'njira kaya m'nyumba, imbirani banki nthawi yomweyo kuti aimitse malipiro, ndipo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake mukapereke kalata yosainidwa ndi osaina a akaunti, yotchula nambala ya cheke, tsiku, dzina ndi ndalama. Apa ndi pamene kachidutswa ka m'buku kaja kamakupulumutsani. Ngati mukuganiza kuti chabedwa, kanenenso ku polisi mutenge lipoti. Musalembe cheke china cholowa m'malo banki isanatsimikize kuti choyambacho chaimitsidwa. Ngati chinasowera ku positi, pitani ndi lisiti mukalembetse dandaulo msanga.

Mwezi uliwonse tengani sitetimenti, mukhale pansi ndi munthu wina wa m'komiti amene sasaina nawo, muyerekeze cheke chilichonse chimene chalipidwa ndi kachidutswa kake ndi invoisi yake. Chilichonse chimene simukuchidziwa, kafunseni ku banki sabata yomweyo ndipo mupemphe akuonetseni chithunzi chake. Buku la macheke lizikhala m'bokosi lachitsulo lokiyidwa, kutali ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo chidindo cha gulu chizisungidwa kwina. Mukalandira buku latsopano, werengani masamba muli pa kauntala pomwepo. Poyerekeza mwezi ndi mwezi, musangoona tsamba lotsatira lokha. Tsatirani manambala mpaka tsamba lomaliza, chifukwa wakuba wa m'nyumba amathothola pakati kapena kumapeto kwa buku, pamodzi ndi kachidutswa kake, kumene simufikako mpaka patapita miyezi.